Chigwembe cha kwathu sichidang'ambidwe ndi chivomerezi

A Mkonzi,

Ndiloleni ndiyankhulepo kudzera m'nyuzipepala yanu pa nkhani imene idabuka pamsonkhano wa m'mudzi mwathu, chakumadzulo kwa boma la Kasungu, mvula itangoleka chaka chino. A gulupu adatiitana kuti tikambirane za chigwembe chimene chadula njira ya ngolo yopita kudambo, chadya mizere ya mabanja atatu, ndipo tsopano chikulunjika kumanda. Tisanapite patali, mnyamata wina adatulutsa foni n'kuyamba kuonetsa anthu chithunzi cha mng'alu waukulu umene udadula msewu ku Kenya, nati akatswiri anena kuti Africa ikung'ambika pakati, choncho chigwembe chathuchi ndi mng'alu womwewo wafika kuno. Mayi wina amene adakulira ku Phalombe adakana, nati ameneyu ndi Napolo wadutsa pansi. Anthu adagwedeza mitu, ndipo bambo wina adatseka nkhani ponena kuti zachilengedwe munthu salimbana nazo. Tidabalalika osamanga mfundo iliyonse.

Ine ndidaphunzitsa jogalafe kusekondale zaka zambiri ndisanapume n'kubwerera kukhasu, ndipo tsiku limenelo ndidafika kunyumba ndi manyazi, popeza ena mwa amene ankagwedeza mitu pansi pa mtengo paja adadutsa m'manja mwanga. Tidawaphunzitsa zinthu zimenezi m'Chingerezi, ndi zithunzi za mapiri akutali, iwo n'kuloweza, n'kukhoza mayeso, koma osazindikira kuti zimene zili m'bukuzo n'zomwe zikuchitika kuseri kwa nkhokwe yawo. Mphamvu zimene zimaumba ndi kusema dziko si imodzi. Zina zimachokera pansi penipeni ndipo sitingazigwire dzanja, koma zina timazithandizira tokha ndi khasu, nkhwangwa ndi machesi, ndipo munthu amene wazisakaniza amangokhala manja lende pa nthawi imene akadayenera kututa miyala.

Mnyamata wa foni uja sadaname zonse. Chigoba cha miyala chimene chidakuta dziko lapansi si chathunthu. N'chogawika m'zigawo zikuluzikulu ngati mapale a mbiya yosweka, ndipo zigawozo zimasuntha pang'onopang'ono pamwamba pa miyala yotentha ndi yofewerapo imene ili pansi pake. Kumene ziwiri zikukankhana kumatukuka mapiri, monga a Himalaya amene adabadwa India atagundana ndi Asia ndipo akukwerabe mpaka lero. Kumene zikukokana, thanthwe limang'aluka, ndipo mbali ina ya mng'aluwo imatitimira pamene inzake yatsala pamwamba. Izi n'zimene zakhala zikuchitika kum'mawa kwa Africa kwa zaka mamiliyoni, kuchokera ku Ethiopia, kudutsa Kenya ndi Tanzania, mpaka kwathu kuno ndi ku Mozambique. Nyanja ya Malawi ndi madzi amene adadzaza dzenje lotere, ndipo chigwa cha Shire ndi kupitirira kwake.

Manambala okha akuchitira umboni. Boma la Kasungu lili pamtunda wa mamita oposa 1,000 kuchokera pa mlingo wa nyanja yamchere. Pamwamba pa madzi a nyanja ya Malawi pali pa mamita 474 kapena chapomwepo, malinga ndi mvula ya chakacho, ndipo chakumpoto nyanjayi imazama pafupifupi mamita 700, kutanthauza kuti pansi pake padatsika mamita oposa 200 kupyola mlingo wa nyanja yamchere. Palibe mtsinje umene ungakumbe dzenje lotsika kuposa kumene madzi ake akukathira, choncho dzenje limeneli silidakumbidwe ndi madzi, koma lidachita kutitimira. Aliyense amene adayendapo kuchoka ku Kasungu kupita ku Nkhotakota adaona m'mphepete mwa dzenjeli ndi maso ake: msewu umayamba pachidikha chosalala, koma ukalowa m'nkhalango ya Nkhotakota umatsetsereka ndi kukhotakhota, makutu amatseka, ndipo juzi imene munavala m'mawa mumayamba kuivula. Chimodzimodzi pa Khwekhwerere potsikira ku Golomoti, ndiponso pa Chiweta. Akasupe a madzi otentha monga a ku Mawira ku Nkhotakota ndi chizindikiro china, chifukwa madzi amvula amalowa m'ming'alu mpaka pakuya pamene miyala ndi yotentha, kenaka n'kubwerera kumtunda akufuka nthunzi.

Ming'alu imeneyi siidafe. Miyala ya mbali ziwiri za mng'alu imagwirana kwa zaka mazana kapena masauzande, mphamvu n'kumaunjikana ngati uta umene ukukokedwa, ndipo tsiku limene yapulumuka ndi lomwe timati kwachita chivomerezi. Achikulirefe tikukumbukira usiku wa pa 10 Malichi 1989, pamene chivomerezi cha ku Salima chidapha anthu ndi kusiya masauzande ambiri opanda pogona. Ngakhale kuno malata adalira ndipo tidathawira panja ndi ana m'manja. Mu Disembala 2009 zivomerezi zotsatizana zidagwedeza Karonga, n'kupha anthu anayi ndi kugwetsa nyumba zambirimbiri. Pakati pa Mtakataka ndi Bilila pali mng'alu wotalika pafupifupi makilomita 100 umene akatswiri amauyang'anitsitsa, chifukwa mng'alu wautali chotere ungathe kubweretsa chivomerezi chachikulu kuposa ziwirizi. Zimenezi n'zoona, ndipo n'chifukwa chokwanira chakuti tileke kumanga makoma a njerwa imodzi zomata ndi dothi popanda chomangirira pamwamba. Komabe kutalikirana kwa mbali ziwiri za nyanja yathu ndi kwa mamilimita ochepa chabe pachaka, osaposa kunenepa kwa njere ya chimanga. Africa ikung'ambikadi, koma pa liwiro limenelo zidzukulu za zidzukulu zathu zidzapezabe Likoma ali pomwe ali.

Tsono chigwembe chathu nchiyani? Mng'alu wa chivomerezi uli ndi zizindikiro zake: umabwera kamodzin'kamodzi pamodzi ndi kugwedezeka kumene aliyense amakumva, umayenda molunjika osasamala kuti apa ndi chitunda kapena dambo, ndipo kawirikawiri mbali imodzi imatsala yokwera kuposa inzake. Chathuchi chimatsata kutsetsereka kwa malo, chili ndi mutu kumtunda ndi mchenga wambiri kumunsi kwake, chimakula m'dzinja n'kupuma m'chilimwe, ndipo palibe amene adamvapo nyumba ikugwedezeka chifukwa cha icho. Ngakhale chithunzi cha ku Kenya chija, chimene chidajambulidwa ku Mai Mahiu mu Malichi 2018, akatswiri ambiri a miyala adachifotokoza kuti mvula yamphamvu idakokolola phulusa lofewa la mapiri amoto limene lidali pansi pa nthaka, pamwamba n'kugumukira mkati. Kwa mayi a Napolo aja ndiyankhe mwaulemu, chifukwa zimene adaona ku Phalombe mu 1991 sizinali nthano, monganso zimene zidachitika ku Zomba mu 1946 ndi m'phiri la Soche ku Blantyre pa nthawi ya namondwe wa Freddy mu Malichi 2023. Kumeneko dothi lokhuta madzi lidatereka pa thanthwe la phiri lotsetsereka kwambiri, n'kutsika ndi miyala ndi mitengo ngati phala. Kwathu kulibe chitsetse chotero, ndipo chigwembe chathu sichidabadwe usiku umodzi. Ndidachidziwa chili kanjira ka mbuzi.

Pali njira imodzi yokha imene ming'alu ya kunyanja ikukhudzira minda yathu, ndipo ndi imene sitidaiphunzitse bwino. Popeza chigwa chidatitimira, ife tidatsala pamwamba ngati anthu okhala pathandala, ndipo dontho lililonse la mvula logwa ku Kasungu ndi ku Mchinji lili ndi ulendo wotsika mamita oposa 500 lisanapume m'nyanja. Mtsinje wa Bua umayambira m'mapiri a ku Mchinji, umayenda mwaulesi m'madambo, umalandira Rusa, koma ukafika m'mphepete mwa chidikha umasanduka wina, wamathithi ndi wokumba zigwa zakuya. Dwangwa nayenso amachita chimodzimodzi. Mitsinje yotere imadya malo chobwerera kumtunda, ndipo timakwawa take timatsatira. Kusalala kwa dera lathu kumatinamiza kuti kukokoloka kwa nthaka ndi vuto la anthu a ku Ntcheu ndi ku Thyolo.

Koma madzi sanganyamule thanthwe lathunthu, liyenera kuyamba lafumbutuka. Amene amaswa miyala ya konkire m'mbali mwa misewu amadziwa chinsinsi chake: akapeza thanthwe lokana nyundo amaunjikapo nkhuni kapena matayala akutha, n'kuyatsa moto, ndipo likazizira limasendeka makoko okhuthala amene amawaphwanya mosavuta. Dzuwa la mu Okutobala ndi kuzizira kwa usiku wa mu Juni zimachitako zofanana, kungoti mwapang'onopang'ono, ndipo thanthwe limene lidali lopanikizika pansi pa nthaka likavundukuka limamasuka n'kusendeka lokha. Mizu ya kachere imalowa mumng'alu wosalowa n'chala chomwe, ikamanenepa n'kumaukanula. Komatu m'dziko lotentha ndi lamvula ngati lathu, mmisiri wamkulu ndi madzi olowa pansi mwakachetechete. Madzi amvula amatenga mpweya wa m'mlengalenga ndi wa zinyalala zowola, amakhala ndi kaasidi kochepa, ndipo kwa zaka zosawerengeka amawoletsa mwala. Mbali zina za mwalawo zimasanduka dongo, chitsulo chimene chilimo chimachita dzimbiri n'kupereka kufiira kwa katondo, ndipo timiyala tolimba tonyezimira tosawola timatsala ngati mchenga umene timalimapo fodya ndi mtedza.

Ndidaziona bwino zimenezi pamene ankakumba mjigo pafupi ndi kwathu. Okumbawo ankati akalowa pang'ono, n'kutapa dothi lotuluka m'dzenjemo n'kuliika pansi timilumilu motsatana, mpaka padakhala mizere ngati ya tomato pamsika. Kamulu koyamba kadali kodera, kosakanizika ndi timizu. Totsatira tidali tofiira, kenaka lubwe, kenaka tachikasu, kenaka totuwa tonyezimira ngati mamba a usipa, ndipo ukatenga chibuma cha pamenepo unkaona mizeremizere ya mwala koma ukachifinya chinkafumbutuka m'manja ngati chigumu chouma. Atadutsa mamita makumi awiri ndi mphambu, makina adasintha kulira, n'kuyamba kutulutsa fumbi la thanthwe lenileni. Ndidaitana ana amene ankaonerera n'kuwauza kuti ayende m'mbali mwa timilu tija kuchokera kumapeto kubwerera koyamba, chifukwa ulendo umenewo ndiwo wa mwala posanduka nthaka. Madzi amene timamwa pamjigopo amakhala m'mwala wowolawo. Koma chimene chidandikhudza n'chakuti pa timilu tonse tija, kamodzi kokha, koyamba kaja, ndi kamene kamabereka chimanga, ndipo kuzama kwake sikuposa pamene khasu limafika. Kuti sentimita imodzi ya dothi lotero ipangike pamafunika zaka mazana.

Phiri la Kasungu, limene limationekera tikadali kutali, ndi mboni ya ntchito yomweyi. Ana ambiri amaganiza kuti lidamera kuchoka pansi ngati chulu, koma mwala wake udaumira pansi pa nthaka kalekale, ndipo chifukwa ndi wolimba ndi wosang'aluka kwambiri, madzi adalephera kuuwoletsa msanga pamene miyala youzungulira inkawola ndi kukokoloka. Dziko lonse lozungulira ndi limene lidatsika, phirilo n'kutsala. Mulanje, amene nsonga yake ya Sapitwa ili pa mamita 3,002, mbiri yake ndi yofanana: mwala wosungunuka umene udazizira pansi zaka zoposa 100 miliyoni zapitazo, kenaka n'kuvundukulidwa. Tikamayang'ana kutalika kwa mapiri amenewa tikuona kuchuluka kwa dothi ndi miyala zimene zidachoka.

Zofumbutukazo zimafuna wozinyamula, ndipo onyamula alipo atatu: madzi, mphepo, ndi madzi oundana. Wachitatuyu ndi amene ankandivuta kwambiri kuphunzitsa, pakuti ana athu madzi oundana amawadziwira m'firiji ndi m'matalala basi. M'maiko ozizira ndi pamwamba pa mapiri ataliatali, chipale chogwa chaka chino chimapeza cha chaka chatha chisanasungunuke, chimaunjikana, chapansi n'kupanikizika mpaka kusanduka ayezi wolimba, ndipo akalemera kwambiri amayamba kuyenda chotsika ngati mtsinje waulesi. Poyendapo amazula miyala, ina yaikulu ngati nyumba, ndipo miyala yomatirira kumimba kwake imapala thanthwe ngati tupa. Mtsinje wa madzi umasiya chigwa chopapatiza pansi, pamene wa ayezi umasiya chotakata ngati mkati mwa bwato, ndipo mosiyana ndi madzi, ayezi amatha kukumba kupyola mlingo wa nyanja yamchere. Zaka pafupifupi 20,000 zapitazo ayezi adakuta Canada ndi kumpoto kwa Ulaya, madzi ambiri adamangika m'menemo moti nyanja zamchere zidatsika mamita pafupifupi 120, ndipo atasungunuka adasiya nyanja zikuluzikulu za pakati pa Canada ndi United States komanso zigwa zakuya za m'gombe la Norway.

Wina angati zimenezo n'za azungu, koma ayi. Pafupi ndi Kimberley ku South Africa, pamalo otchedwa Nooitgedacht, pali matanthwe okhala ndi mikwingwirima imene ayezi adasiya zaka pafupifupi 300 miliyoni zapitazo, pamene Africa, South America, India, Australia ndi Antarctica zidali dziko limodzi, ndipo chigawo chathu chino chidali kufupi ndi kumwera kwenikweni kwa dziko lapansi. Zipsera zofanana zopezeka m'maiko otalikiranawa ndi zina mwa zimene katswiri wa ku Germany, Alfred Wegener, adatsamirapo mu 1912 ponena kuti maiko amasuntha, anzake n'kumuseka. Ayeziwo atachoka kudamera nkhalango za m'madambo zimene zidasanduka malasha, ndipo malasha okumbidwa ku Mchenga ku Rumphi ndi a m'nyengo yotsatira imeneyo. Lero mu Africa ayezi wotere adangotsala pa Kilimanjaro, pa phiri la Kenya ndi pa Rwenzori, ndipo wa pa Kilimanjaro wachepa ndi magawo oposa 80 pa 100 alionse kuyambira 1912. Wa ku Greenland ndi ku Antarctica akamasungunuka nyanja zamchere zimakwera, ndipo mzinda wa Beira, umene doko lake limatilandirira katundu, uli pamalo otsika kwambiri. Apa ndilekere pomwepa, chifukwa ayezi sadzafika m'munda mwanga.

Wonyamula amene ali m'munda mwanga ndi madzi amvula. Kafukufuku amene boma lidachita mothandizana ndi nthambi za United Nations, kuphatikizapo FAO yoona za chakudya ndi ulimi, adapeza kuti m'chaka cha 2014 dziko la Malawi linkataya matani 29 a nthaka pa hekitala iliyonse pachaka, tikaphatikiza madera onse. Madera a mapiri amataya zambiri kuposa ife a kuchidikha, koma nafenso tili momwemo. Matani 29 ndi matumba 580 a makilogalamu 50. Mlimi atabedwa matumba awiri okha a feteleza mudzi wonse sungagone, koma matumba mazana a dothi amatuluka m'munda masanasana iye ali pakhonde kuyamikira mvula. Chifukwa chake n'chakuti dothi limenelo mukaliyala pa hekitala yonse limangokwana mamilimita awiri, ndipo palibe diso limene lingaone kuti munda watsika ndi mamilimita awiri. Apa mpamene pamandidabwitsa. Muyeso umene Africa ikung'ambikira pachaka ndi muyeso umene nthaka yathu ikuchokera pachaka n'zoyandikana, koma woyambawo, umene sudzasintha kanthu m'moyo wathu kupatula pa tsiku la chivomerezi, ndi umene timatumizirana pa WhatsApp mwamantha, pamene wachiwiriwo, umene pa moyo wa munthu mmodzi ungathe kuchotsa theka la dothi lobereka, timautcha kukalamba kwa nthaka n'kumadikira makuponi.

Amene akukayika ayang'ane khoma la nyumba yake mvula ikangokata, aone mmene matope adumphira m'mwamba kuchoka pansi. Imeneyo ndi mphamvu ya dontho logwa pa nthaka yosavala. Ayang'ane timiyala m'munda mwake, apeza kuti tina takhala pa timipando ta dothi, chifukwa pamene padalibe chophimba padachoka. Koposa zonse apite kumanda a makolo, kumene mitengo siidulidwa ndipo moto sulowa, ayime m'malire mwake ndi munda woyandikana nawo. Kwathu kuchoka kumanda kulowa m'munda umachita kutsika ngati pakhonde, chonsecho agogo athu adasiya malowo ali ofanana.

Mbiri ya chigwembe chathu ndiifotokoze monga ndidaionera. Kanjira ka mbuzi kaja kadasanduka njira ya ngolo zotuta njerwa, ndipo mikombero idasiya timigula tiwiri tolunjika kudambo. Kumtunda kwake kudali msitu wa misuku ndi mitondo umene udathera m'zigafa, m'mabani a fodya ndi m'mauvuni a njerwa, ndipo ine ndemwe ndidadulako milimo ya chigafa changa, choncho sindikuloza chala ena okha. Minda itafika kumeneko, ena adalima mizere yoloza kumunsi kuti madzi asadikhe, ndipo chaka ndi chaka mapesi ndi udzu zinkapsa ndi moto wa osaka mbewa. Pomaliza, amene adakonza msewu wa kumtunda adatulutsira ngalande yawo panjira ya ngolo ija n'kumapita. Madzi saiwala khwawa. Atangoboola dothi lapamwamba lolimbirapo n'kufika pa mwala wowola uja, ntchito idaphweka: pamutu pa chigwembe pamakhala kamathithi, madzi akugwawo amafukula pansi, denga limatsala lilibe chochirikiza n'kugumuka, ndipo mutuwo umasunthira kumtunda. Mu Novembala ndidakhoma chikhomo mapazi asanu kuchokera pamutupo, koma pofika mu Malichi ndidachipeza chili pansi m'chigwembemo. Mchenga wambiri uli kudambo, wakwirira makande amene amayi ankalimapo madimba, ndipo zitsime za m'mbali mwa chigwembe zikuphwa msanga chifukwa chimakhetsa madzi apansi ngati ngalande. Wotsala umapitirira, ndipo ndi dothi longa lomweli limene limadzaza madamu ngati la Chitete lomwetsa tauni ya Kasungu, limakwirira nsangalabwi za mumtsinje wa Bua pamene mpasa zimaswanirana, ndipo kumwera limavutitsa makina opangira magetsi pa Shire.

Ndikudziwa chifukwa china chimene nkhani yosamala nthaka imalowera movuta m'makutu mwa anthu. M'zaka za m'ma 1950 boma la atsamunda lidakakamiza malamulo a malimidwe, anthu ankalipitsidwa ndi kumangidwa chifukwa cha mizere ndi milambala, ndipo kudana ndi malamulowo kudakhala mbali ya nkhondo yomenyera ufulu. Makolo athu sadalakwe kukana chikwapu, koma madzi sadasinthe khalidwe chifukwa chakuti mbendera idasintha. Masiku ano vuto lasanduka lina: ntchito yokumba maswale (ngalande zopingasa zokola madzi amvula) ndi kubzala vetiva ambiri amaiona ngati ganyu wa mabungwe, ndipo malipiro akatha mbuzi zimadya mbande, maswale n'kukwiririka. Chonsecho zofunika kuchita alangizi akhala akuzinena: kuyamba kumtunda osati m'chigwembe momwe, kuika akalozera ndi kulima mizere yopingasa yotseka m'mabokosi, kubzala vetiva kapena nsenjere m'milambala, kusiya mapesi kuti aphimbire nthaka, kulola zitsa za mitengo yachilengedwe kuti ziphukire, ndipo kenaka kutchinga m'chigwembemo ndi timipanda tatifupi ta miyala, zikhomo ndi nthambi, tambiri motsatana m'malo mwa chimodzi chachikulu chimene madzi angachilambalale. Ine ndingawonjezere kuti chigwembe sichidziwa malire a minda, choncho mwini munda wa kumtunda amene sadataye mzere ndi umodzi womwe ayenera kukhala woyamba kufika ndi khasu, ndipo apa mpofunika mawu a mafumu.

Pempho langa kwa inu, a Mkonzi, ndi lakuti nkhani za nthaka, miyala ndi zivomerezi muzizipatsa malo m'Chichewa nthawi zonse, osati pokhapokha anthu akafa, ndiponso kuti mukalandira chithunzi cha nthaka yong'ambika muziyamba mwafunsa akatswiri a ku nthambi ya boma yoona za miyala ku Zomba musanachisindikize. Kwa aphunzitsi anzanga amene akadali pantchito, ndikuti tulutsani ana m'kalasi kamodzi pateremu, mukawaonetse khoma la chigwembe, thanthwe losendeka ndi malire a manda, zimene ine ndidachita mochedwa. Kwathu a gulupu avomera kuitanitsanso msonkhano mvula isanayambe, ndipo ulendo uno tidzakumana pamutu pa chigwembe pomwepo osati pansi pa mtengo. Ndakhoma kale zikhomo zina zitatu, pa mapazi asanu, khumi ndi khumi n'asanu, ndipo ana a Sitandade 7 a pasukulu yathu ndi amene azikayeza Lachisanu lililonse ndi kulemba m'kope. Mnyamata wa foni uja ndamupempha kuti azijambula.

Ine wanu,
Mphunzitsi wopuma,
Kasungu.